Ampulifaya sitiipima pa sikelo

Pali chizolowezi chimene ife okonda zoimbira tinatengera kwa akuluakulu athu. Munthu akakuonetsa ampulifaya, usanamveko olo nyimbo imodzi, uyamba wainyamula. Ikalemera, ugwedeza mutu n'kunena kuti iyi ndiye yeniyeni. Ikapepuka, uibweza pansi n'kuitcha gong'a. Ma DJ a m'maukwati amachita zimenezi, achinyamata osamalira zokuzira mawu ku tchalitchi amachita, ngakhale ife odzipereka pa mawailesi a m'madera chizolowezichi tili nacho.

Chimene chimalemera m'kati muja ni transifoma, chitsulo chokulungidwa na waya wa kopa. Nchito yake ni kutsitsa malaiti a 230V a pa soketi kuti afike pa mlingo umene ampulifaya ingadye. Kale njira inali yomweyo, choncho kupima na dzanja kunali na nzeru yake. Lero kuli njira ina, ndipo ganizo langa ni ili: wachinyamata amene afuna kupanga ampulifaya yake kunyumba asataye ndalama na nthawi posakasaka transifoma. Asewenzetse switching power supply, imene ambiri amangoti SMPS. Koma ikhale yopangidwa kale, yabwino, ndipo asaitsegule. Mukatengako mbali yoyamba chabe n'kusiya yachiwiri, ndiye kuti simunanimve.

Mumaigwira tsiku lililonse

SMPS si chinthu chachilendo. Chaja ya foni yanu ni SMPS. Chaja ya laputopu, kabokosi kachitsulo ka m'kati mwa kompyuta ya pa desiki, adaputa ya dikoda, zonsezi ni banja limodzi.

Kusiyana kwake na transifoma yakale kuli pa liwiro. Malaiti a ZESCO amapita uku n'kubwerera ka 50 pa sekondi. Pa liwiro lochepa chonchi, transifoma ifunika chitsulo chachikulu na waya wambiri kuti ipititse mphamvu yokwanira. SMPS imayamba yasandutsa malaiti aja kukhala DC ya pafupifupi 325V. Kenako matransista amaiduladula mofulumira kwambiri, ka 50,000 kapena ka 100,000 pa sekondi, zina kuposa pamenepo. Pa liwiro limenelo, katransifoma kokwana m'chikhatho kamagwira nchito imene ikanafuna chitsulo cha makilo angapo. Kumapeto kuli kadera kamene kamalondera voltage yotuluka kuti isakwere kapena kutsika.

Amene ati zimenezi ni za zoseweretsa aone zimene makampani aakulu a zoimbira anachita. QSC RMX 2450, ampulifaya ya transifoma imene ma DJ ambiri aidziwa, imalemera pafupifupi makilo 20. Crown XLS 2502 ipereka mphamvu yolingana nayo, ma watt oposa 700 mbali iliyonse pa sipika ya 4 ohm, koma imalemera pafupifupi makilo 5. M'kati mwake muli SMPS. Zonse ziwiri zimadzaza holo na nyimbo. Imodzi ikupweteka msana poitsitsa mu basi, inayo uinyamula na dzanja limodzi.

Chifukwa chake ikutiyenera ife kuno

Choyamba ni thumba. Dziko lathu limakumba kopa ku Kopala na ku Solwezi, koma kopa akabwera atakulungidwa pa chitsulo, mtengo wake sutimvera chisoni. Ndipo transifoma siyenda yokha. Ifunika bridge rectifier, makapasita aakulu, fyuzi, swichi, na bokosi lolimba loti linyamule zonsezo. Pamene muzimaliza kugula, ndalama ya masipika yatha. Koma malaputopu amafa n'kusiya machaja awo ali amoyo. Pitani kwa okonza makompyuta mu Katondo Street kapena ku City Market mu Lusaka, kapena funsani m'nyumba za abale anu, simudzasowa chaja yamasiye. Werengani zimene zalembedwa pamsana pake. Ikati 19V 3.42A, imeneyo ni ya ma watt 65. Ikati 19V 4.74A, ni ya ma watt 90.

Chaja yotere imagwirizana bwino na timabodi ta Class D timene tafala masiku ano. Todziwika kwambiri ni ta chip ya TPA3116D2 ya Texas Instruments. Chip imeneyi imalandira voltage iliyonse kuyambira 4.5V kufika 26V, ndipo ifuna nthambo ziwiri chabe, plus na minus. Pa mphamvu imene imadya, pafupifupi magawo 9 mwa 10 amafika ku sipika. Ndiye chifukwa chake kachitsulo kake koziziritsa n'kakang'ono, pamene ma-ampulifaya akale anali kufuna chitsulo chonga chopalira karoti cha nyumba yonse.

Chachiwiri ni malaiti athu. Aliyense wokhala mu komboni adziwa nthawi ya madzulo pamene nyumba zonse zayatsa mapuleti ophikira, babu n'kuyamba kuwala ngati kandulo. Transifoma ilibe nzeru zake: imangotsatira zimene yapatsidwa. Ngati pa 230V dera lake litulutsa 24V, malaiti akatsika kufika 190V lidzatulutsa pafupifupi 20V, ndipo mphamvu ya ampulifaya idzachepa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Malaiti akakwera kufika 250V, 24V ija isanduka 26V, pa malire penipeni pa chip ija. Manje onani pamsana pa chaja ya laputopu: alemba 100–240V. Malaiti atsike kapena akwere m'kati mwa malire amenewo, iyo itulutsa 19V yomweyo.

Chachitatu ni zimene tinaphunzira mu 2024. Chilala cha chaka chimenecho chinatsitsa madzi ku Kariba, ndipo load shedding inayamba na maola 8 patsiku, n'kukwera mpaka maola 17 na kuposerapo. Ampulifaya imene imadalira transifoma ya pa soketi inangokhala chete pa shelefu, kupatulapo kwa amene anali na inverter. Kabodi ka Class D ka nthambo ziwiri sikasankha kumene mphamvu ichokera. Malaiti akalipo, chaja. Akapita, batire la 12V la sola kapena la motoka, kudzera pa fyuzi. Mawu achepako, koma nyimbo sizileka, ndipo batire silitha msanga chifukwa palibe inverter pakati yodyako gawo lake.

Chachinayi ndicho chachikulu kwa ine. Mukasewenzetsa chaja ya laputopu, malaiti a 230V salowa m'bokosi lanu lamatabwa ngakhale pang'ono. Amathera m'kabokosi kapulasitiki kotsekedwa ku fakitale. Chimene manja anu akhudza pamene muwotcherera nthambo ni 19V chabe. Kwa munthu amene akupanga ampulifaya yake yoyamba pa tebulo la mu sitting room, ana akuzungulira pafupi, chimenechi n'chofunika kuposa besi.

A mdala sakunama pa zonse

Amene anakulira pa transifoma ali na zifukwa zawo, ndipo zina n'zoona. Tiyenera kuzimva bwino, chifukwa m'menemo ndimo muli nzeru yosewenzetsera SMPS.

Akamba kuti SMPS ilibe mtima pa besi. Pali choonadi apa. Besi ikagunda mwamphamvu, ampulifaya imakoka ma ampere ambiri kwa kanthawi kochepa. Transifoma imawerama pang'ono, n'kupereka ndithu. SMPS ili na mlonda m'kati: ikaona kuti mwapitirira malire, imazima, n'kuyakanso, n'kuzimanso. Nyimbo imaduka ngati munthu wa ntchirikitchi pakhosi. Koma vuto pamenepo ni kukula kwa power supply imene mwasankha, ndipo masamu ake ngosavuta.

Pa timabodi ta mtundu wa TPA3116D2, mphamvu yapamwamba imene sipika imodzi ingalandire mawu asanayambe kusweka mumaipeza motere: voltage kuchulukitsa na voltage yomweyo, kugawa na ma ohm a sipika owirikiza kawiri. Pa 19V na sipika ya 8 ohm, 361 kugawa na 16 ni ma watt 22 na kanthu. Masipika awiri ni ma watt 45, ndipo chaja ya ma watt 65 ikwana bwino. Mukaika masipika a 4 ohm pa 19V yomweyo, iliyonse ifuna ma watt 45, awiri ni 90, ndipo chaja ya 65 ija idzayamba kuzima mukakweza voliyumu mpaka kumapeto. Pamenepo mufunika ya 90 kapena yoposerapo. Pa 24V na masipika a 8 ohm, iliyonse ilandira ma watt 36, ndipo power supply ya 24V 5A ikhala na mpata wopumira. Lamulo langa ni lakuti power supply ipose zimene masamu akupatsani, isangolingana nazo.

Masamu omwewa akutetezaninso kwa ogulitsa. Pa 12V na sipika ya 4 ohm, kabodi kotere sikangapitirire ma watt 18 mbali imodzi, olo power supply yanu ikhale ya ma ampere 30. Mukaona kabodi kakang'ono ka 12V kolembedwa 1000W, dziwani kuti inki ni yotchipa.

Kapasita imodzi ya 2200µF kapena 4700µF, yolembedwa 35V, yoikidwa pafupi na kabodi, imathandiza pa kugunda kwa besi. Koma musaunjike makapasita monga amachitira pa transifoma. Kapasita yopanda kanthu imakoka mphamvu yambiri pa nthawi yoyatsa, ndipo akachuluka, SMPS idzaganiza kuti pali short n'kukana kuyaka.

Akambanso kuti SMPS ili na chongo. Ife a pa wailesi nkhaniyi tiidziwa: chaja yotchipa ikakhala pafupi na nthambo ya maikolofoni kapena pafupi na wailesi ya shortwave, mumamva kulira kosalekeza ngati kwa nyenje. Koma tisaiwale kuti transifoma nayo ili na nyimbo yake, kung'ung'udza kuja kwa 50Hz na 100Hz, ndipo kumeneko kuli m'kati mwenimweni mwa zimene khutu limamva. Khutu la munthu limathera cha pa 20,000Hz, pamene SMPS yabwino imagwira nchito pamwamba pa pamenepo. Chongo chimene timamva nthawi zambiri chimachokera ku power supply imene anaichotsera zosefera kuti itchipe, kapena ku mayendetsedwe a nthambo zathu.

Choncho nthambo za mphamvu zikhale zazifupi, zonenepa bwino, ndipo muzipote pamodzi. Nthambo yolowetsa nyimbo ikhale ya shield, ndipo isayende njira imodzi na za mphamvu. Kachotupa kaja kali pa nthambo ya chaja kufupi na kumapeto ni ferrite, nchito yake ni kumeza chongo, musakadule. Ndipo musanaweruze power supply, chotsani nthambo ya nyimbo pa ampulifaya. Chongo chikaleka, yambani kufufuza kumeneko. Kawirikawiri ni foni imene ikuimba nyimbo uku ili pa chaja ina.

Pa mphezi na pa kukonza, a mdala apambana, ndipo sinikutsutsa. Transifoma ni chitsulo na waya, imapirira kugunda kwa malaiti kumene kungaphe matransista a SMPS nthawi yomweyo. Ikapsa, alipo amisiri odziwa kuikulunganso. SMPS ikafa, nthawi zambiri mumangofuna ina. Yankho lake ni khalidwe: malaiti akapita zulani pa soketi, akabwera dikirani mphindi zingapo, ndipo nyengo ya mvula musasiye zinthu zili zolumikiza pamene kukugunda ziphaliwali.

Palinso ma-ampulifaya amene chaja ya laputopu siingawathandize. Ma chip monga TDA7294 na LM3886 amafuna nthambo zitatu: plus, minus na ground pakati. Kwa amenewa transifoma ya centre tap ikali njira yosavuta, kapena SMPS yopangidwira zimenezo. Musayese kulumikiza machaja awiri a laputopu kuti mupange plus na minus. M'machaja ambiri a mapini atatu, minus yotuluka ni yolumikizidwa ku earth, choncho mukawalumikiza motsatizana mumapanga short kudzera pa soketi. Ena amathyola pini ya earth kuti zitheke. Kumeneko ni kuchotsa chitetezo cha nyumba yonse chifukwa cha nyimbo.

Malire amene sitiyenera kudumpha

Kupanga ampulifaya ni sukulu yabwino. Mukalakwitsa pa 19V, mutaya chip na ndalama pang'ono, mawa muyambanso. Kupanga kapena kukonza SMPS ni nkhani ina. 325V ija imakhala mu kapasita yaikulu ya m'kati, ndipo ingakhalemo ngakhale mutazula pa soketi. Chinthu chioneka chakufa, koma chikali na mphamvu yokwanira kuvulaza munthu koopsa. Mavidiyo a pa YouTube amaonetsa anthu akugwira m'kati na manja, koma saonetsa zida zimene ali nazo kapena zaka zimene anaphunzira. Amene afuna kudziwa za m'kati mwa SMPS achite bwino, koma akaphunzire pansi pa mphunzitsi, ku koleji ya zamanja kapena kwa mmisiri wodziwa. Asayambire pa tebulo la kunyumba.

Malire achiwiri ni gong'a. Pano m'pamene dzanja lija likali na nchito. Mukatenga machaja awiri olembedwa mofanana, ina n'kukhala yopepuka modabwitsa ngati mulibe kanthu, ikayikireni. Opanga zabodza amachotsa zosefera chongo, amachepetsa zitsulo zoziziritsa, ndipo choopsa kwambiri, amachepetsa mpata umene umalekanitsa mbali ya 230V na mbali imene imafika ku manja anu. Chaja yakale yeniyeni imene inabwera na laputopu ya Dell, HP kapena Lenovo iposa yatsopano yonyezimira yopanda dzina. Ngati nthambo yake ili na kawaya kachitatu kopyapyala ka pini ya pakati, kameneko n'kouza laputopu mtundu wa chaja. Kamangeni na tepi, musakalumikize kulikonse. Ndipo musanalumikize kabodi, pimani na multimeter kuti mutsimikize plus na minus. Kusinthanitsa ziwirizi kwapha timabodi tambiri kuposa besi.

Malire achitatu ni ma power supply aja a m'bokosi lachitsulo la tizibowo, amene amagulitsidwa pa nchito ya ma CCTV na magetsi a LED, a 12V kapena 24V. Abwino, monga a kampani ya Mean Well, amagwira nchito bwino pa ampulifaya. Koma zomangira zake za 230V zili poyera. Amenewa afunika fyuzi, waya wa earth womangidwa pa malo ake, na bokosi lotseka bwino koma lolowa mpweya, loti chala cha mwana chisafikemo. Ena ali na kaswichi kosankha 115V kapena 230V. Kaswichi kameneko kakakhala pa 115V inu n'kulumikiza ku soketi ya kuno, mudzamva kuphulika. Ngati simunagwirepo nthambo za 230V, itanani wodziwa amange mbali imeneyo, inu muchite zotsala.

Power supply ya kompyuta ya pa desiki nayonso ingathandize, makamaka pa ampulifaya ya mu motoka imene mufuna kuimbira m'nyumba. Nthambo zachikasu ni 12V, zakuda ni ground, ndipo imayaka mukalumikiza nthambo yobiriwira ku yakuda. Zonsezi muchita kunja, osamasula bokosi. Kumbukirani chabe kuti 12V ni 12V, masamu aja sasintha.

Ndalama ipite kumene imamveka

Chimene chimaniwawa n'chakuti achinyamata ambiri amaleka asanayambe. Amva kuti ampulifaya yeniyeni ifunika transifoma yaikulu, afunsa mtengo, n'kubwerera kunyumba. Ena amalimba mtima, agula transifoma yakale yosadziwika bwino, n'kuyamba kulumikiza 230V m'bokosi lamatabwa popanda fyuzi. Njira zonse ziwiri zimatitayitsa anthu amene akanakhala amisiri a mawa, aja okonza zokuzira mawu m'matchalitchi, m'masukulu na m'masitudiyo a mawailesi athu.

Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, n'zoona. Koma akuluakulu omwewo anatiuzanso kuti tsobola wakale sawawa. Zimene anatiphunzitsa zokhudza fyuzi, earth, nthambo zaudongo na kuopa malaiti zikali zamoyo, ndipo tizisunge. Zakuti kulemera ndiye ubwino zinali za nthawi yawo.

Ndalama imene mwapulumutsa pa transifoma igulireni multimeter, masipika abwino na thabwa lochindikala la bokosi, chifukwa kukoma kwa mawu kumadalira kwambiri zimenezo. Yambani na chaja yeniyeni ya 19V, kabodi ka Class D na masipika awiri a 8 ohm. Mnzanu akabwera n'kuinyamula kuti aipime, musakangane naye. Muuzeni aiike pansi, akhale pa mpando, ndipo muyatse nyimbo.